Atigulitsa mdima ati ndi 3D

Mwezi wathawu ndidapita kwathu ku Ntcheu kukazonda alongo anga amene akhala akudwaladwala chiyambire chisanu. Loweruka madzulo tili pakhonde, mphwanga wa zaka 12 adatulukira akudzandira ngati woledzera, dzanja lili pamphumi, maso ali psuu ngati wachokera m'khitchini mosonkhedwa nkhuni zaziwisi.

"Iwe, wakumenya ndani?" ndidamufunsa.

"Palibe atsibweni. Ndimaonera 3D kumsika."

Mnyamatayu adagwira ganyu tsiku lonse, kusenza matumba a kabichi kuchokera kudimba kukafika pamsewu, ndipo kangachepe konse adakakasiya pakhomo la vidiyo sho. Ati kwabwera kanema wamakono wochokera ku Joni, woti ukavala magalasi akuda anthu a m'filimu amatuluka m'chinsalu n'kudzaima pamphuno pako. Mtengo wolowera ndi wowirikiza kawiri poyerekeza ndi wa masiku onse, poti ati magalasiwo ngobwereka.

Safunsa adadya phula. Lamulungu madzulo ndidavala jekete n'kupita ndekha kukaona zodabwitsazo, pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Ntcheu boma ndi Lizulu. Ndidapeza chisakasa cha malata akale, mabenchi a matabwa osapala, jenereta ikulira kuseri, ndi kapulojekita kakang'ono ngati njerwa katakhazikidwa pa kreti ya zakumwa. Kutsogolo adapachika bedishiti yoyera. Pakhomo padali kamnyamata ndi katoni ya magalasi akuda, ena okalikakalika, ena omangidwa ndi ulusi, ndipo m'mbali mwa amene ndidapatsidwa ine mudalembedwa kuti RealD. Apo ndidadziwiratu kumene adachokera. Awa ndi magalasi amene anthu amavala m'nyumba za kanema za ku Johannesburg, filimu ikatha n'kuwaponya m'bokosi la pakhomo kapena kupita nawo kunyumba.

Filimu yake idali yankhonya, ya ku China, yomasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ athu aja. Ndidavala magalasi, ndidaona chithunzi chamdima. Ndidavula, ndidaona chithunzi chomwecho, chimodzimodzi, koma chowala bwino. Ndidavalanso, mdima. Uku ana ali m'kati mokuwa, "Chikutuluka! Chikutuluka!" Nanga mwana walipira ndalama ya thukuta lake, angavomere bwanji kuti sakuona kanthu pamene anzake onse akuti akuona?

Potuluka ndidamukokera pambali mwini wake, bambo wa ndevu zake ndithu.

"Achimwene, 3D yake ili pati apa?"

Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Madala, maso anu ndi akale. Ana akuiona."

Mawu amenewa sadandipweteke kwenikweni, poti wakuba akagwidwa sasowa chonena. Chidandipweteka ndi chimene ndidamva nditabwerera ku Blantyre. Ndidafotokozera nkhaniyi mnzanga wina wophunzira bwino, woyenda maiko, ndipo iye adaseka mpaka misozi. "Musiyeni munthuyo," adatero, "bola akuwalawitsako ana chitukuko. Chamanyazi n'choti boma lonse la Ntcheu lilibe kanema wa 3D weniweni. Tidatsalira, achimwene."

Awerengi, ndalemba nkhani ino chifukwa cha mnzangayu, osati chifukwa cha wa bedishiti uja. Wa bedishiti amaba ndalama za ana khumi ndi angapo pa usiku umodzi. Koma maganizo a mnzangayu, oti chilichonse chonyezimira chochokera kunja ndiye chitukuko ndipo ngakhale chabodza chake n'chabwino kuposa kukhala opanda, ndi amene amatibera dziko lonse. Ndipo maganizo amenewa ali ndi ife a m'tauni, ife ogula nyuzipepala, osati anthu a kumudzi ayi.

Tiyeni tiyambe tamvetsa chinthucho, kuti wina asadzatinamizenso. Tambasulani mkono, imikani chala chachikulu patsogolo panu. Tsinzinani diso lakumanzere, kenaka tsegulani n'kutsinzina lakumanja. Muona chala chikudumpha uku ndi uku. Chifukwa chake n'choti maso athu adatalikirana masentimita pafupifupi 6 ndi theka, kotero lililonse limaona dziko mosiyanako pang'ono ndi linzake. Ubongo umatenga zithunzi ziwirizo n'kuziphatikiza, ndipo kusiyana kwake ndiko kumatiuza kuti ichi chili pafupi, icho chili patali. N'chifukwa chake mayi amalowetsa ulusi pa singano, goloboyi amawakha mpira. Mngelezi wina, Charles Wheatstone, adaonetsa mu 1838 kuti ukapatsa diso lililonse chithunzi chakechake, ubongo umapusitsika n'kuona kuya pamene palibe kuya. Matsenga onse a 3D athera pomwepa.

Tsono kuti filimu ikhale ya 3D pamafunika zinthu ziwiri. Choyamba, ikhale ndi zithunzi ziwiri, cha diso lakumanzere ndi cha diso lakumanja, zojambulidwa ndi makamera awiri kapena zokonzedwa pa kompyuta. Chachiwiri, pakhale njira yoti zithunzi ziwirizo zikagwera pachinsalu chimodzi, diso lililonse lione chake chokha. Magalasi paokha sapanga kanthu. Ntchito yawo ndi ya sefa basi, ndipo sefa singakupatse ufa ngati sudathiremo kanthu.

Njira yakale kwambiri ndi ya mitundu. Chithunzi china amachipaka kufiira, china kubiriwira kapena mtundu wa mtambo, ndipo magalasi nawo amakhala diso lina lofiira, lina la mtundu winawo. Filimu yotchedwa The Power of Love idaonetsedwa motere ku Los Angeles mu 1922. Kunena chilungamo, njira iyi ikadatheka pa bedishiti ya kwathu ija, koma filimuyo imayenera kukhala yokonzedweratu motero, ndipo mitundu ya zinthu imaonongeka, nkhope za anthu n'kumaoneka ngati mbatata yowola.

Njira yachiwiri, imene magalasi a ku Joni aja adapangidwira, imagwiritsa ntchito mayendedwe a kuwala. Taganizirani chingwe chodutsa pakati pa mitengo yoimirira ya mpanda. Mukachigwedeza chokweza ndi chotsitsa, mafunde ake adutsa bwinobwino. Mukachigwedeza cham'mbali, mitengo ija iwatchinga. Kuwala nakonso kumayenda mwa mafunde, ndipo pali masefa olola mafunde a mbali imodzi yokha. Kale ankaika mapulojekita awiri, iliyonse ndi sefa yake, wina n'kuvala magalasi a masefa ofanana nawo. Vuto lidali loti ukangopendeketsa mutu, zithunzi zimasakanikirana. A kampani ya RealD, amene makina awo adayamba kugwira ntchito mu 2005 ndi filimu ya Chicken Little, adakonza vutoli pochititsa kuti kuwala kuziyenda mopotana ngati chingwe cha khonje, kwa diso lina kopotera kumanja, kwa linalo kumanzere. Pulojekita imakhala imodzi, koma kutsogolo kwa diso lake amaikako chipangizo chamagetsi chosinthasintha mapotedwe a kuwala, ndipo imaponya zithunzi 144 pa sekondi imodzi, 72 za diso lililonse.

Apa mvetsetsani, poti ndi pamene bodza la kwathu lija lagwidwira. Kuwala kopotedwa motere kukagunda khoma la njereza kapena nsalu wamba, mapotedwe aja amabalalika n'kutheratu. Pamafunika chinsalu chapadera chopakidwa fumbi la aluminiyamu, chimene amachitcha silver screen. Ndiye taonani, mkulu uja adalibe filimu ya zithunzi ziwiri, adalibe pulojekita yoyenera, adalibe chipangizo chopotera kuwala, adalibe chinsalu chake. Adali ndi magalasi okha. Kuli ngati munthu kutola chiwongolero kudzala n'kumalipiritsa anthu ulendo wa ku Balaka.

Njira yachitatu ndi ya a Dolby. Iwo amagawa kufiira, kubiriwira ndi mtundu wa mtambo pawiripawiri, mosiyana pang'ono kwambiri moti diso lopanda magalasi silingazindikire, gawo lina n'kupita ku diso lakumanzere, lina lakumanja. Chinsalu choyera wamba chimatheka, koma magalasi ake ngodula, kotero amawalanda pakhomo n'kukawatsuka. Yachinayi ndi ya magalasi a batire, monga a XpanD, amene amatseka diso lina n'kutsegula lina mosinthanasinthana, mofulumira moti iwe sudziwa, motsogozedwa ndi kuwala kosaoneka kochokera kutsogolo. Batire ikatha, 3D yathanso.

Nzeru zimenezi n'zogometsa, sindikana. Amene adazipeza ndimawavulira chipewa. Koma njira zonsezi zili ndi nthenda imodzi: zimadya kuwala. Pogawira maso awiri ndi podutsa m'masefa, kuwala koposa theka kumatayika. Ndiye mwini kanema amayenera kugula nyali yamphamvu yodya magetsi a mawati masauzande angapo, kapena pulojekita ya laser, apo ayi anthu aonera filimu ngati kunja kwachita mitambo ya chiperoni. Mukamva azungu akudandaula kuti 3D ndi yamdima, nkhani yake ndi imeneyi. Tsono ife kuno, kumene kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndi amene ankaunikira magetsi m'nyumba zawo, kumene namondwe Ana ataononga Kapichira mu 2022 tidakhala miyezi ndi miyezi tikugawana mdima, eti chosowa chathu choyamba chikhale makina otaya theka la kuwala? Abale, tizikhalako ndi chisoni ndi jenereta.

Nthenda yachiwiri ndi mutu uja adabwera nawo mphwanga. Wake udadza chifukwa cha utsi wa jenereta ndi kutong'ola maso mumdima kudzera m'magalasi okalika, koma ngakhale 3D yeniyeni imapweteketsa anthu ambiri mutu. Katswiri wolumikiza mafilimu wa ku America, Walter Murch, adafotokoza chifukwa chake mu 2011 m'kalata imene adalembera mtolankhani wa za mafilimu, Roger Ebert. M'moyo wa tsiku ndi tsiku, maso akamayang'ana chinthu amatembenukira pa chinthucho ndi kuchionetsetsa pa mtunda umodzi womwewo. M'kanema wa 3D maso amakakamizidwa kuonetsetsa pachinsalu, chimene chili patali, uku akutembenukira pa mkondo wooneka ngati uli pamphuno. Ndi ntchito imene sadalengedwere. Palinso anthu ena, a diso limodzi kapena a maso osayendera limodzi, amene 3D saiona n'komwe, koma pakhomo amalipira chimodzimodzi.

Ndisaiwale za ukhondo. Kumene kuli 3D yeniyeni magalasi amawatsuka kapena kupereka atsopano. Kwathu kuja amachoka pankhope ya mwana uyu kupita pa ya uyo, usiku ndi usiku, osaona ngakhale dontho la madzi. Taiwala kale matenda a maso ofiira amene adavuta m'dziko muno mu 2024?

Tsopano tibwere kwa mnzanga uja ndi mawu ake oti tidatsalira. Tidatsalira pa ulendo wopita kuti? Mbiri ya 3D ndi mbiri ya chinthu chimene eni ake amachifukula akaona kuti malonda avuta, n'kuchikwiriranso anthu akatopa nacho.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, anthu a ku America adayamba kugula mawailesi a kanema n'kumakhala kunyumba, nyumba za kanema n'kumachita mphwayi. Ndiye mu 1952 kudatuluka filimu ya 3D imene idautsa chipwirikiti, ndipo dzina lake mukalimva museka: Bwana Devil. Nkhani yake ndi ya mikango ya ku Tsavo imene inkadya anthu omanga njanji ku Kenya mu 1898, koma mbali yaikulu adaijambulira ku California. Otsatsa malonda ankalonjeza anthu kuti mkango udzawagwera pamiyendo. Mwaona? Chiyambire, Africa mu 3D ndi malo a mikango ndi abwana, ife n'kukhala onyamula katundu kumbuyo. Mu 1953 kudabwera House of Wax, imene idapanga ndalama zambiri, ndipo amene adaitsogolera, André de Toth, adali wa diso limodzi. Munthu wopanga 3D yotchuka kwambiri ya nthawi imeneyo sankatha kuiona! Komabe filimuyo idakoma, umboni woti kukoma kwake kudali kwina, osati m'magalasi.

Chisangalalocho sichidathe zaka zitatu. Mapulojekita awiri ankayenera kuyendera limodzi ndendende, ndipo imodzi ikangotsogola pang'ono, kapena filimu ikaduka n'kulumikizidwa molakwika, anthu ankatuluka atagwira mitu. Alfred Hitchcock adajambula Dial M for Murder mu 3D, koma itatuluka mu 1954 malo ambiri adaionetsa wamba. Maliro oyamba amenewo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, vidiyo itayamba kulowa m'nyumba za anthu, adaifukulanso ndi mafilimu onga Jaws 3-D ya mu 1983. Sipadapite nthawi, maliro achiwiri.

Kachitatu ndi kamene ambiri tikukumbuka. Mu 2009 James Cameron adatulutsa Avatar, imene idapanga ndalama zoposa madola 2.7 biliyoni, ndipo dziko lonse lidapenga. Eni nyumba za kanema adagula makina atsopano n'kukweza matikiti. Mafilimu ojambulidwa wamba, monga Clash of the Titans ya mu 2010, adawasandutsa 3D mothamanga pa kompyuta kuti nawonso adyeko, anthu n'kudandaula kuti aberedwa. Pa mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010 ku South Africa, masewero 25 adajambulidwa mu 3D. Tidauzidwa kuti posachedwa nyumba iliyonse ikhala ndi wailesi ya kanema ya 3D. Zidatha bwanji? Mu 2013 a ESPN adatseka tchanelo chawo cha 3D, a BBC nawo adaimitsa zawo chaka chomwecho. Pofika 2017 makampani a Sony ndi LG adaleka kupanga mawailesi a kanema a 3D. Amene adagula adatsala ndi magalasi m'kabati. Lero 3D ikadalipo m'nyumba za kanema zikuluzikulu, ndipo filimu ngati Avatar yachiwiri ya mu 2022 idakokabe anthu ochuluka, koma yasanduka ndiwo ya pa Khirisimasi, osati nsima ya tsiku ndi tsiku imene ankalonjeza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye mnzanga akamati tidatsalira, ine ndimati inde tidatsalira, koma osati pamene iye akuloza. Tatsalira pa chinthu chimene tidali nacho kale n'kuchitaya.

Kanema si mlendo m'midzi mwathu. Pakati pa 1935 ndi 1937 azungu a Bantu Educational Kinema Experiment adayenda ndi lole yonyamula pulojekita m'maiko a kuno, Nyasaland ali m'gulu. Kuyambira 1948 mpaka 1963 bungwe la Central African Film Unit linkapanga mafilimu oonetsa anthu akuda a ku Rhodesia ndi Nyasaland. Adali mafilimu otiphunzitsa ngati ana, za kusunga ndalama, za kumvera alangizi, koma ankafika kumudzi. Ine ndidakula m'nthawi ya Kamuzu, wailesi ya kanema kulibe, poti TVM idadzatsegulidwa mu 1999. Koma ndikukumbuka galimoto yachikasu ya a zaulimi ikuima pabwalo la sukulu yathu dzuwa litapendeka. Uthenga unkayenda mofulumira kuposa wa maliro. Pofika mdima bwalo lidali tho, azimayi ndi ana kumsana, madoda ndi mipando yawo ya ndalema, ife ana titakhala pa fumbi kutsogolo kwenikweni. Filimu yake ya kathiridwe ka feteleza, koma mlimi wa m'chinsalu akapunthwa mudzi wonse unkagwa nacho chiseko, ndipo tinkaikamba mwezi wathunthu. M'tauni mudali nyumba za kanema monga Apollo ku Blantyre, kumene akuluakulu athu ankapita atatchena, ngakhale lumo la a Censorship Board, pansi pa lamulo la 1968, linkayamba ladutsamo. Vidiyo itabwera nyumba zimenezo zidafa, galimoto zija nazo zidaleka kuoneka, ndipo tidasiyira ntchito yonse zisakasa za malata.

Musandimve molakwa, ine sindidana ndi vidiyo sho. Mwana wa kwa Ganya kapena ku Tsangano akadaonera kuti filimu pakadapanda zisakasa zimenezi? Ndipo ma DJ omasulira aja, ngakhale nthawi zina amathira mchere wopyola muyeso ndi mawu osayenera ana, adatulukira chinthu chimene akatswiri a magalasi sadachiganize: munthu amalowa m'filimu ikamalankhula chinenero chake. Gogo amene sadapiteko kusukulu amatsatira nkhani ya ku Nigeria kapena ku India kuyambira poyamba mpaka pothera. Chimene ndikudana nacho ndi bodza, ndi ulesi wathu ife odziwa, amene timaseka bodzalo m'malo molidzudzula.

Mafilimu athu alipo. Shemu Joyah adapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Joyce Mhango Chavula adapata mphotho ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, The Boy Who Harnessed the Wind, idajambulidwa ku Kasungu konkuno n'kutuluka mu 2019, ndipo mbali yaikulu anthu ake akulankhula Chichewa. Anthu a ku London ndi New York adaionera. Nanga mwa anthu oposa 650,000 amene kalembera wa 2018 adawapeza m'boma la Ntcheu, ndi angati adaiona pachinsalu chachikulu atakhala pamodzi ndi anansi awo? Manyazi athu ali pamenepa, achimwene, osati pa magalasi.

Ndipo nkhani zosajambulidwa zangoti mbwee m'mapiri a kwathu. Chaka cha 1953 chomwe chija anthu a ku America ankabisa mitu m'mipando poonera House of Wax, ku Lizulu kudali zenizeni. Inkosi Gomani II, Philip, adakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland n'kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe. Apolisi atabwera kudzamutenga, anthu adaimirira, ndipo mfumu yodwalayo idathawitsidwira ku Mozambique pamodzi ndi mbusa Michael Scott, isadabwezedwe n'kudzamwalira mu 1954. Bambo wake, Gomani Chikuse, adaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Nanga zaka za nkhondo ya ku Mozambique, pamene anthu othawa adadzaza m'mbali mwa msewu kuyambira ku Biriwiri mpaka ku Lizulu, tsidya lino mtendere, tsidya ilo la msewu womwewo nyumba zobooka ndi zipolopolo? Nanga mayi wa tomato amene amathamangira basi iliyonse ndi beseni pamutu kuti mwana apite ku sekondale? Filimu ya zimenezi, yojambulidwa bwino, ya mawu omveka, ingafune magalasi kuti ikugwire pamtima?

Wina anena kuti, "Bwanji osafuna zonse ziwiri? Kodi mwana wa ku Ntcheu alibe ufulu woona zimene mwana wa ku Sandton amaona?" Ali nawo ndithu, ndipo tsiku limene munthu wa ndalama zake adzamange nyumba ya kanema ya 3D yeniyeni pa Ntcheu boma, ine ndidzakhala woyamba pamzere, mphwanga ali pambali. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Thumba lathu ndi limodzi, ndipo ndi lobooka. Ndalama yogulira pulojekita imodzi ya 3D, chinsalu chake, magalasi ndi makina oziziritsira ingagule mapulojekita wamba ambirimbiri, lililonse ndi sola yake, batire ndi sipika, zokwanira kuzungulira masukulu ndi maholo a m'boma lonse. Khoma la njereza, limene 3D ya RealD imalikana, filimu wamba imalilandira ndi manja awiri.

Tsono pempho langa ndi ili. A khonsolo ndi aphungu athu, pa ndalama za chitukuko cha m'madera zija, taganiziraniko za holo imodzi yokhala ndi pulojekita ndi sola, yoti masana ana aziphunziriramo, Loweruka madzulo anthu azionera filimu. A bungwe la opanga mafilimu, lekani kuthera mphamvu zonse pa maphwando okhazikitsa mafilimu m'mahotela a ku Lilongwe ndi Blantyre. Kwerani basi, tsikani pa Kampepuza, pa Mlangeni, pa Tsangano, mukaonetse ntchito zanu pa mtengo woti wa ganyu angakwanitse, ndipo ndalamayo ilowe m'thumba mwanu m'malo mwa oba mafilimu pa memori khadi. Inu abale a ku Joni, pobwera mutitengere pulojekita yabwino ndi sipika, magalasi a m'bini asiyeni komweko. Ndipo inu makolo, phunzitsani ana muyeso uwu, ngwaulere: filimu ili m'kati, vula magalasi. Ngati ndi 3D yeniyeni, chithunzi chioneka chapawiri, chosokonekera ngati waledzera. Chikaoneka chimodzi, choyera bwino, dziwa kuti wagula mdima, pita ukaitanitse ndalama yako.

Mphwanga ndidamuphunzitsa muyeso umenewu ndisadanyamuke. Adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Ndiye kuti anzanga aja amanama, atsibweni?" Ndidamuuza kuti sankanama, ankangoopa kuoneka otsalira, monga amachitira akuluakulu ena a mataye ku Blantyre. Ndalama yake ya ganyu ndidamubwezera ine.

Usiku womaliza ndidatulutsa foni yanga, momwe ndidasungamo filimu ya Kamkwamba ija, n'kuiyedzamiritsa ku mtondo. Tidaunjikana anthu 9 pamphasa, mitu ikugundana. Chichewa cha ena mwa ochita seweromo chidatiseketsa, poti lilime lidali lachilendo. Koma itafika pa njala, pamene banja layamba kudya kamodzi patsiku ndipo anthu akukanganirana chimanga pa depoti, chiseko chidatha. Alongo anga, amene adaika mwana m'manda m'njala ya 2002, adadzuka mwakachetechete n'kukaima kuseri kwa nkhokwe. Mphwanga sadaphethire mpaka mphepo idazunguza makina aja, madzi n'kutuluka. Palibe adafunsa za magalasi.

Kafoni kokwana m'dzanja, batire itatsala pang'ono kutha. Ndiye wina adzandiuze kuti chimene Ntcheu ikusowa ndi 3D?